Dzina la Mwana wa Tawina

Mwana wa Tawina ankalira ngati akulipidwa. Apongozi ake a Tawina, mayi Ezelina, anaweruza mlandu m'chigafa momwemo, anthu ali kalikiliki kusankha fodya.

"Mwanayu akukana dzina. Marisol n'chiyani? Tikapanda kudziwa tanthauzo lake, Lamulungu akabatizidwa Dorika."

Pa esiteti ya ku Wimbe palibe munthu amene amati sindikudziwa. Yobu, amene sanapitepo ngakhale ku Lilongwe, analumbira kuti ndi dzina la mankhwala ophera nsabwe za fodya. Mkazi wake anati bodza, ndi dzina la mfumukazi ya Apwitikizi. Nedson anapukuta manja, natulutsa foni yake yosweka galasi.

"Ndi la ku Spain. Ena akuti ndi nyanja ndi dzuwa. Ena akuti ndi Maria wa kusungulumwa."

"Nyanja ku Kasungu kuno?" anatero mayi Ezelina. "Ngakhale eni ake sakugwirizana! Bwera naye kuno."

Anamunyamula kuti amuyese monga amachitira akuluakulu, kumuitana maina mpaka atonthole.

"Dorika!"

Mwana anakuwa.

"Tawonga!"

Anakuwa kwambiri, mpaka nkhuku zinathawa pakhomo pa chigafa. Yobu anapempha kuti ayese dzina la malemu mayi ake, koma anthu anamuseka mpaka anakhala pansi.

Tawina yekha sanaseke. Anali atangogwira tsamba limodzi osaliika paliponse, ndipo zinkamupweteka kuti dzinalo alisandutsa masewera.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "tanthauzo lake ine sindilidziwa. Tsiku limene mwana wanga Sunganani anamwalira pobadwa, nonse munali kukolola. Amene anandigwira dzanja ndi namwino wa ku Spain uja, ku chipatala cha mishoni. Ndi iye anamusambitsa, namukulunga m'chitenje chake. Ndinamufunsa dzina kuti ndisadzaliiwale."

Nedson anabweza foni m'thumba.

Mayi Ezelina anayang'ana mdzukulu wawo, amene anali kukuwabe osapuma. Anachita manyazi, pakuti iwonso tsiku lija anasankha munda. Anamuika paphewa, nayamba kumusisita pamsana.

"Lira, Marisol," anatero, lilime likulimbana ndi dzinalo. "Lira ndithu, mwanawe. Mlongo wako sanalire n'kamodzi komwe."