Zitenje Patsogolo pa Galimoto

Jeremiya atangotsika pa njinga yamoto ya kabaza m'mudzi muja kwa Chowe, anaiona galimotoyo itaima pansi pa mtengo wa mango. Anthu anali ataikulunga maliboni oyera ndi obiriwira, pa boneti atamangapo maluwa apulasitiki.

"Amakaniko afika!" anafuula Uladi, mwini galimotoyo, akubwera mkanjo uli pepepe. "Bwerani mudzaone ntchito ya manja anu. Lero inyamula mlongo wanga Rahma kukamutula kwa mwamuna wake."

"Ndimayesa mkwatibwi akwera ya amalume anu ija?"

"Chiphapha chija? Wallahi, ine ndivutike zaka zisanu ndi ziwiri ku Joni, mlongo wanga akwere galimoto yonunkha usipa?"

Jeremiya anaseka nawo, koma kuseka kwake kunathera m'mano.

Nkhani yake inali yotere. Pobwerera kuchokera ku Joni, Uladi anabweretsa injini yolusa, ya magalimoto ampikisano, nati Jeremiya aiike m'galimoto yake ya otomatiki ku galaja kwake pa boma. Tsono pakati pa injini ndi giyabokosi pamakhala chitsulo chonga mphika wotsekeka, chodzaza oilo, chomwe amakaniko amati konveta. Ndicho chimalandira mphamvu ya injini n'kuipatsira ku giyabokosi. Injini yolusa imafuna konveta yakeyake, yoilola kuti izungulire kaye isanagwire. Uladi anabwera nayo yotero, koma mano ake anakana kulowa mu giyabokosi. Jeremiya analimbana nayo masiku awiri. Tsiku lachitatu anangobwezeramo yakale, ija yogwira msanga, yatsopanoyo n'kuikankhira kuseri kwa matayala. Mabawuti analowa bwinobwino, ndipo iye anakhala chete. Akananena bwanji kuti zamukanika, pamene Uladi anali atalengeza kale boma lonse kuti Mangochi muno makaniko ndi mmodzi yekha?

Injiniyo sinkalola kuitsitsa liwiro, ukaitsitsa inkazima. Choncho ukangoika giya pa D, galimoto inkadumpha ngati mbuzi yodula chingwe, ndipo poigwira umayenera kuponda buleki ndi thupi lonse. Ataiyesa pa tala wopita ku Nkopola inauluka, Uladi n'kuwomba m'manja, amvekere ukali umenewo ndi umene ankaufuna. Koma pa tala palibe amene amavina kutsogolo kwa galimoto.

Kuno kunali kwina. Jeremiya ankawadziwa maukwati akuno. Shehe akamanga ukwati, galimoto ya mkwatibwi imayenda ngati munthu wodwala, amayi ali kutsogolo kuimba, ena akuyala zitenje pansi kuti matayala apondepo, ikadutsa n'kuzitola, kuthamanga nazo kukaziyalanso. Anayang'ana kanjira kochokera pa nyumba ya mayi ake a Rahma. Kanali kopapatiza, ndipo pafupi ndi mzikiti kanali kotsetsereka.

"Che Uladi," anatero motsitsa mawu, "galimoto iyi siyoyenda nayo pagulu."

"Mwayamba mantha, achimwene? Mwana wobereka nokha mukumuopa?"

"Chakudza sichiimba ng'oma."

"Miyambi kaponyeni kwanu kunyanja. Kuno lero n'chisangalalo."

Apa ndi pamene Jeremiya akananena zoona. Mawu anafika pakhosi, koma atayang'ana azibambo amene anazungulira galimotoyo akuisisita, anawameza. Manyazi ndi chinthu choipa.

"Ndiye ndiyendetse ndine," anatero.

"Apo mwanena! Ine ndiziyenda pansi kutsogolo, ndizijambula pa foni. Anzanga a ku Joni aone."

Anamutulutsa Rahma atamuphimba nsalu yonyezimira, n'kumukhazika kumbuyo pamodzi ndi azakhali ake. Jeremiya analiza injini, ndipo nkhuku zinabalalika. Anaponda buleki mpaka msana unakanirira kumpando, n'kukokera giya pa D. Galimoto inati gu! n'kunjanja. Amayi analulutira, poganiza kuti nayo yayamba kuvina.

Anayamba kuyenda. Ankamasula phazi pang'ono, galimoto n'kulumpha, iye n'kupondanso. Kumasula, kulumpha, kuponda. Kutsogolo kunali misana yokhayokha, mipango, ana ali kumbuyo kwa amayi awo timitu tili lendelende. Chitenje china chinayalidwa, china, chinanso. Mayi aliyense akawerama patsogolo pa bampa, Jeremiya ankasiya kupuma mpaka mutu wake utaonekanso.

"Adalaivala, mukutigwedeza ngati tili m'bwato," anadandaula azakhali aja. "Mkwatibwi asanza."

Jeremiya anangopondereza buleki. Mwendo wake wakumanja unali utayamba kunjenjemera wokha, kuyambira m'bondo. Anawonjezerapo phazi lamanzere. Anayesa kuliza hutala kuti anthu atalikire, koma iwo anaiyesa ng'oma, n'kuyandikira kwambiri. Kenako anamva fungo limene makaniko aliyense amalidziwa, la mabuleki akupsa. Chopondera chija, chomwe poyamba chinali cholimba, chinayamba kufewa pansi pa mapazi ake.

Anafika potsetsereka paja. Uladi ankayenda chafutambuyo, foni ili m'mwamba, akuseka. Pamenepo gulu linapatuka, n'kupereka mpata kwa mayi Mwanamvua, mayi ake a mkwatibwi. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawondo ovuta. Anamasula chitenje chawo chatsopano, nabwera nacho akuvina pang'onopang'ono mpaka pamphuno penipeni pa galimoto. Anagwada, bondo limodzi, kenako linalo. Mutu wawo unamira kuseri kwa boneti.

Jeremiya anadikira kuti mutuwo utuluke. Sunatuluke. Anaponda ndi mphamvu zake zonse, koma chopondera chinangopita pansi, ndipo anamva galimoto ikutsetsereka, pang'ono, pang'ononso.

"Mayo!" anakuwa. Anachotsa giya poikankhira pa N, n'kukoka buleki ya pamanja ndi manja onse awiri, n'kupotokola kiyi.

Injini inazima. Nyimbo inapitirira kamphindi, kenako nayo inazima. Jeremiya anatsegula chitseko, natuluka. Anazungulira kutsogolo, akuopa kuyang'ana.

Mayi Mwanamvua anali atakhala pansi m'fumbi, bampa itawagusa paphewa, mpango utagwa. Tayala linali litaponda nsonga ya chitenje, pafupi ndi zala zawo.

"Iii, mwana iwe," anatero akuseka, "galimoto yako ili ndi changu kuposa mkwati!"

Anthu anaseka, koma Uladi sanaseke. Foni anali ataitsitsa.

"Yafa?" anafunsa.

"Sinafe. Ndazimitsa ndine."

"Ndiye lizani."

"Sindiliza, Che Uladi." Mawu a Jeremiya anamveka mpaka pakhonde la mzikiti. "Konveta yanu ya ku Joni ija sindinaikemo. Inandikanika. Ili ku galaja kuseri kwa matayala. Muli yakale umu, ndipo sigwirizana ndi injiniyi. Si ukali umene mumaumva uja, n'chilema. Ndinakubisirani."

Uladi anayang'ana Jeremiya, n'kuyang'ana tayala lija ndi zala za mayi ake. Anawerama, nawadzutsa mayi akewo, n'kuwasasa fumbi paphewa nthawi yaitali kuposa mmene fumbilo linalili.

"Mumadziwa," anatero asakutembenuka, "pamene mayi anga amagwada apa, inu mumadziwa."

"Ndimadziwa."

Uladi anazula kiyi n'kuiponya m'thumba la mkanjo. Anauza amalume ake kuti akhale pa chiwongolero, naitana amuna kuti akankhe. Wina anaponya mawu akuti injini ya ku Joni yayamba kuyendera mpunga, ndipo azibambo aja amene ankasisita galimoto anaseka akumuyang'ana Jeremiya cham'mbali. Iye anadziwa kuti pofika Lolemba nkhaniyi idzakhala itatsika phiri, itawoloka mlatho, itafika pa galaja iye asanatsegule.

Jeremiya anapita kumbuyo kwa galimotoyo, naika manja ake pa chitsulo chake chotentha pakati pa anthu osawadziwa. Palibe anamuuza kuti achoke, palibenso anamulankhula. Amayi anayambanso nyimbo, mayi Mwanamvua anatola chitenje chawo n'kukachiyalanso kutsogolo, ndipo Jeremiya anakankha, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, mpaka pakhomo pa mkwati.