Tabuleti ya Malemu

"Musagwire pakati, gwirani m'mbali," anatero mkonzi wa nyuzipepala polandira pepala lina kwa mkulu wake wa malemu. "Inki yakale imadana ndi thukuta."

Mkazi wa malemu anaima pakhomo la chipinda chojambulira, khanda lili paphewa. Maluwa a pamanda anali asanafote n'komwe, koma amuna awiriwa anali atatsegula kale madirowa onse a mwamuna wake. Ankasanja mapepala akuluakulu a nkhani za zithunzi, kuwakulunga m'pepala la khaki, n'kumanga ndi chingwe. Mkonziyo ankafuna kutulutsa buku lokumbukira malemu. Chilolezo anapempha kwa mkulu wa malemu. Kwa mkazi anangopempha madzi akumwa.

"Zimenezo n'zakale," anatero mayiyo. "Zatsopano zili mu tabuleti. Muli nkhani yaitali imene anatsala pang'ono kuimaliza. Imeneyo ndiye muiike m'bukumo."

Mkonzi anamwetulira ngati akukhululukira mwana.

"Mayi, tisanamizane. Amuna anu ndinayamba kuwasindikiza ali mnyamata. Dzanja lawo ndimalidziwa. Taonani apa." Anakweza pepala lina chapawindo. "Mzere uwu ankaukoka osapuma n'komwe. Nkhope imodzi tsiku lathunthu. Kenako kunabwera zapagalasi zija. Miyendo yokhotakhota, mitu ngati mbatata. Owerenga ankandifunsa ngati wojambula wathu akudwala."

"Ankadwaladi," anatero mkulu wa malemu akumanga mfundo. "Matenda a matewera."

Anaseka yekha, ndipo sizinamuvute.

Chipindachi malemu anachisiya mwana woyamba atayamba kukwawa. Kadontho, monga ankamutchulira bambo ake, anagubuduza botolo la inki pamasamba omalizidwa kale, n'kudzipaka mpaka m'kamwa. Bamboyo anamusambitsa mwana, natsekera inki m'dirowa, n'kukagula tabuleti yoti wina anaigwiritsapo kale ntchito. Kuyambira pamenepo ankajambulira patebulo la kukhitchini, mkazi wake akapita ku sitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito. Wachiwiri atabadwa, anaphunzira kujambula dzanja lina litagwira botolo la mkaka. Mwana akamugunda chigongono, ankangogogoda galasi ndi zala ziwiri, mzere wolakwika n'kuchoka. Ankati inki sikhululuka, koma kagalasi aka kamadziwa kuti pakhomo pano pali ana.

"Mng'ono wanga anali munthu wotchuka," anapitiriza mkuluyo. "Inu mlamu munamusandutsa wantchito wolera ana. Mkazi ku ntchito, mwamuna kutsuka mabotolo. Ndinabwera tsiku lina n'kumupeza ali ndi phala m'tsitsi."

"Tsiku munabwera kudzabwereka jekete lake lija?"

"Musandidule mawu."

"Ana ndi ake, alamu. Sindinabwere nawo m'chikwama."

Mayiyo anatembenuka n'kupita kukhitchini kuti akatenge tabuleti ija, aone okha ndi maso awo. Tabuletiyo inkakhala pamwamba pa firiji, pomwe timanja sitifika. Anapapasa n'kupeza chingwe chotchajira chokha. Anapapasanso mpaka kukhoma. Fumbi basi.

"Alamu, tabuleti ili kuti?" anafunsa atabwerera.

"Ili bwino. Ili m'chikwama changa."

"Ikutani m'chikwama chanu?"

"Mwana wanga kukoleji akuvutika, alibe powerengera. Chinthu chisamangokhala pafiriji ngati chokongoletsa nyumba."

"Ndipatseni."

Mkuluyo anaitulutsa mosafulumira, n'kuipukuta ndi mkono wa malaya asanaipereke.

"Inali yokhoma. Nambala yake simunandiuze."

"Simunandifunse."

"Munali mukulira. Ndikanafunsa bwanji munthu akulira? Ulemu ndili nawo ine. Ndinangopita nayo kwa uja wokonza mafoni pafupi ndi siteji ya basi. Waitsegula bwinobwino, mnyamata wodziwa ntchito."

Mayiyo anasuntha khanda kuliika paphewa lina, n'kudina batani. Galasi linawala. Kale pankatuluka nkhope za ana ake awiri zojambulidwa ndi makutu aakulu ngati mbale. Tsopano panatuluka moni, m'zilankhulo zosiyanasiyana, wina pambuyo pa mnzake, ngati yangochoka kumene m'sitolo. Anapitiriza kudina. Anatsegula apa, anatsegula apo. Munali mbee.

"Waifulasha," anatero mkonzi motsitsa mawu. "Akatero ndiye kuti wafufuta zonse."

"Zonse ziti?" Mkulu wa malemu anamenya mtolo wa mapepala ndi chikhatho. "Zithunzi si izi? Zenizeni, zogwirika. Zam'galasizo ndi mphepo."

Mayiyo anayang'ana mkonzi.

"Kuofesi muli nazo. Ankakutumizirani."

"Za mlungu ndi mlungu zija, inde, tating'onoting'ono. Yaitaliyo anandionetsa kamodzi, ndinamuuza kuti aisunge kaye." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Sanaisunge pena?"

Sanaisunge pena. Ankati mawa. Mawa likafika wina ali ndi chifuwa, wina wameza batani, sopo watha. Mkazi wake ankaidziwa nkhaniyo tsamba ndi tsamba, chifukwa ankamuonetsa akabwera ku ntchito nsapato asanavule. Tsopano inatsala m'mutu mwake mokha, ndipo iye sankatha kujambula ngakhale dzira.

"Mwina Mulungu wamuteteza," anatero mkonzi. "Anthu amukumbukire ali pa mphamvu zake."

Mayiyo anafuna kumuponyera tabuletiyo pamphuno. Koma khanda linali m'tulo, ndipo m'nyumba imeneyi munthu sankakuwa mwana akagona.

"Zaka zinayi za munthu," ananong'ona. "Mwazipukuta ngati mamina."

"Mlamu, musatinyoze pa maliro a mng'ono wanga." Mkuluyo anamulanda tabuleti m'manja n'kuibwezera m'chikwama. "Mapepala tatenga, ichi tatenga. Ana takusiyirani. Si ndiwo munkafuna?"

Apa m'pamene Kadontho analowa, atavala nsapato imodzi. Anadutsa pansi pa mkono wa amayi ake n'kulunjika patebulo. Chigubuduzire inki ija sankaloledwa kulowa m'chipindachi, ndiye anayang'ana uku ndi uku ngati mlendo. Anaona cholembera cha mkonzi ndi chidutswa cha pepala la khaki chimene chinatsala podula. Anagwira cholemberacho ndi chibakera chonse, lilime lili panja, n'kukoka mzere umodzi wautali. Unakwera, unapindika, unazungulira kawiri, n'kutsikira kumapeto kwa pepala.

Analikankhira kwa bambo ake aakulu.

"Malizani."

"Ndimalize chiyani? Ichi n'chiyani, chingwe?"

"Kaya. Ine ndimangoyamba. Adadi ndi amene amaona kuti ndi ndani."

Mkuluyo ananyamula mtolo wake. Mkonzi anagwira thumba la malaya, anayang'ana cholembera chake m'dzanja la mwana, koma sanachiitanitse. Anatuluka motsogozana, mapepala ali pachifuwa ngati makanda.

Kadontho anadikira pang'ono. Kenako anatenga pepala lake n'kupita nalo kukhitchini. Amayi ake anamutsatira mpaka pakhomo. Mwanayo analiyala patebulo, naika cholembera pambali pake mowongoka bwino. Anakwera pampando wa bambo ake n'kukhala kutsogolo kwenikweni, pamphepete, kusiya kumbuyo kwake malo okwana munthu wamkulu.