Maluwa Amene Anatseka Ngalande

Mitambo inali itada kale cha ku Chanyanya, koma madzi a mvula yadzulo anali chiimire m'ngalande yodutsa pakhomo pa Winfrida ku Nangongwe. Madziwo anangotsala pang'ono kulowa m'nyumba, momwe munali matumba a nsomba zouma, mpamba wake wonse. Mayiyu mtima sunali m'malo. Ankati akalowa m'nyumba, atulukenso, maso kumwamba.

Chimene chinatseka ngalandeyo anachibweretsa yekha. Tsiku lina atapita kumtsinje wa Kafue kukapikula nsomba, anatola kachomera koyandama ka maluwa okongola, kamene ena amati namasupuni, n'kudzakaponya m'ngalande kuti pakhomo pazioneka bwino. Kanachulukana osati masewera. Atatopa nako anakatematema ndi chikwanje, zidutswa n'kuzisiya m'madzi momwemo. Apo ndiye anachita ngati wabzala.

"Ba Winfrida, manje iyi ni dreni olo ni gadeni?" anafuula Gershom wa nyumba yoyandikana. "Manzi yakangena kwanga, tizaonana kwa ba cheyamani!"

Winfrida anatolanso chikwanje kuti atemenso zomerazo, koma mwana wake Lindiwe anamugwira dzanja.

"Amai, osajuba futi. Ba Jesse banakamba ati ukajuba vimachuluka."

Jesse anali mphunzitsi woyang'anira kalabu ya zachilengedwe, imene inkakumana Loweruka lililonse pasukulu, ana pamodzi ndi makolo. Lindiwe anapitako kangapo, kenaka amake anamuletsa. Ankati kuyang'ana mbalame ndi tiudzu sikudyetsa munthu. Koma tsikulo linali Loweruka, ndipo kunja kunali kugunda.

"Tamanga ukabaitane," anatero Winfrida, mwamanyazi ndithu.

Posakhalitsa Jesse anatulukira ndi gulu la ana ndi makolo angapo, atanyamula mareki ndi wilibala. Anapisa dzanja m'madzi n'kuvuula kachidutswa.

"Onani, amake Lindiwe. Aka munajuba, koma kamela kale mizu na kamwana pambali. Ivi sivifa mu manzi. Tichose vonse na mizu, tiyanike patali pouma. Vikauma, ni manyowa ya mu gadeni."

Ntchito inagundika. Ana ankakokera zomerazo m'mphepete ndi mareki, akuluakulu n'kumapakira. Gershom yemwe uja anasiya kulalata n'kugwira wilibala. Winfrida ankangoti akazula pang'ono, aponye maso kumitambo. Pakamwa pa payipi yodutsa pansi pa msewu anapezapo mizu italukana ndi mapulasitiki. Ataikoka anthu atatu, madzi anachita phokoso n'kuyamba kutsika.

Mvula inagwa yamphamvu masana omwewo. Winfrida anaima pakhomo akuyang'ana madzi akudutsa mwaliwiro, osakhudza ndi khonde lomwe. Nsomba zake zinali gwaa, zouma bwinobwino. Anamukumbatira Lindiwe, misozi ili m'maso.

Loweruka lotsatira anatseka nyumba m'mamawa n'kutsagana ndi mwana wake kukalabu. Atapatsidwa mpata wolankhula, anauza makolo anzake kuti:

"Ba neba, vomela va mu Kafue musiye ku Kafue, olo viwame bwanji. Na bana musabaletse kubwela kuno. Ine nsomba zanga ananipulumusila ni uyu wamene n'nali kuletsa."

Chomera cha kumtsinje tisachitengere m'ngalande kapena m'chitsime. Ana athu akamakaphunzira za chilengedwe, tiwalole, ndipo tipite nawo, chifukwa zimene amaphunzirazo zimateteza makomo athu omwe.