Ng'oma Yomanga ndi Sipanala

Rhoda anali ndi ngongole ya ng'oma, ndipo amake, a Christina Mbewe a ku Nyanje, sanaleke kuitchula. Iwo ndiwo anamkungwi a pamudzipo. Ng'omayo anawasiyira amai awo, ndipo Rhoda anaibwereka ati akaonetse ana a sukulu ku yunivesite ku Lusaka, kumene amaphunzitsa nyimbo za anthu akuda a kutsidya kwa nyanja. Ati sabata imodzi. Dzinja linadutsa kawiri.

Tsono chinamwali chinayandikira, Loweruka la sabata lomwelo. Popanda ng'omayo akanayenera kukabwereka kwa a Nancy, mnzawo amene ankalimbirana naye unamkungwi, wa pakamwa ngati wailesi.

Lachinayi Rhoda anatsika basi pa Sinda, n'kufika pa njinga yamoto atakumbatira chinthu chachitali m'thumba. Atamasula, munatuluka ng'oma yonyezimira, ya zitsulo m'mbali.

"N'chiyani ichi, mpope wa madzi?"

"Ndi ng'oma ya ku Brazil, amama. Ndinaimba nayo pamaso pa anthu ambirimbiri. Sifuna kuwamba pamoto kapena kumata phula, mungomanga ndi sipanala."

"Ine ndine makanika? Yanga ili kuti?"

Rhoda anayang'ana pansi. "Ndinaisiya ku Brazil komweko nditapitako. Anthu ake ndi akuda ngati ife, makolo awo anatengedwa ukapolo. Ataimva analira. Anandipatsa iyi kuti tisinthane."

"Ohoo. Anthu anawaolotsa nyanja osawafunsa, nawenso waolotsa ng'oma yanga osandifunsa. Ndiye udokotala wa nyimbo wakowo?"

"Akuisamala, amama. Ili m'galasi."

"M'galasi! Yafa kodi?"

A Christina anaikoka ng'oma yatsopanoyo, n'kuipana m'miyendo, n'kuimenya. Inalira bwino, zimenezo sakanakana. Nkhuku zinabalalika, ndipo ana a pakhomo loyandikana anayamba kudukula. A Christina anaimenyanso pang'ono, kenaka anaigwira pamutu kuti ikhale chete.

"Mau ili nawo. Koma siidziwa mwana ndi mmodzi yemwe wa mudzi uno. Yanga inavinitsa ine, inavinitsa iwe. Iyi sindilandira. Ikhala kuseri kwa chitseko ngati chikole mpaka yanga ibwere."

"Nanga Loweruka?"

"Vala chitenje, mathalauziwo asaoneke. Upite kwa a Nancy ukagwade, uwauze kuti dokotala wa nyimbo wabwera kudzabwereka ng'oma. Akakuseka, uyembekeze amalize."

Rhoda anatenga chitenje pachingwe, nauyamba wa kwa a Nancy.