Thiraki ya Achimwene

Achimwene atadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga, anabwera kudzakhala kwathu. Alamu anali atamwalira kalekale, ana awo ali kutali, ndiye ndinachotsa nsalu ndi zidutswa m'kachipinda kamene ndinkasokeramo n'kuikamo bedi. Makina anga osokera ndinawasamutsira pabalaza, pafupi ndi zenera.

Munthu amene wakalambira pampando wa thiraki, lero kuno mawa dziko lina, kachipinda kotere sikamukwana. Anasanduka munthu wosayandikika. Tiyi watentha. Tiyi wazizira. Wailesi ikusokosa. Nanga bwanji nyumba ili zii ngati pachitika zovuta? Ndikawakankha pa njinga yawo ya olumala kuti akaothere dzuwa pakhonde, ankati ndikufuna kuwaonetsa kwa anthu odutsa. Amuna anga anayamba kuchedwa dala kuntchito.

Tsiku lina tili pamzere kuchipatala, kudikira kuti awatsuke bala, bambo wina amene anakhala pafupi nafe ankaonera kanema pafoni. Inali gemu ya pakompyuta, munthu akuyendetsa thiraki yaikulu, chiwongolero, magalasi, msewu, zonse ngati zenizeni. Achimwene anasuzumira. Kenako anasendeza njinga.

"Ndani ameneyu? Akubwerera m'mbuyo chonchi ali ndi ngolo? Aithyola! Pinda kumanzere, chitsiru iwe, kumanzere!"

Anthu pamzere anaseka. Ine sindinaseke. Chidulireni mwendo, aka kanali koyamba kuwamva akukalipira chinthu china osati ine.

Pobwerera m'takisi anafunsa, nkhope ili kuzenera, "Zija zimagulidwa?"

Ndinali ndi kandalama kamene ndinkasunga kuti ndidzagule makina a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu. Ndinaganiza zokatenga komweko.

Amuna anga anati ndisapupulume, m'nyumba muli kale laputopu. Anaitana msuweni wawo amene aliyense amamutcha Pulofesa, ngakhale sanaphunzitsepo munthu, kuti adzaikemo gemuyo. Laputopu inatentha moti ukanatha kusitira kolala, ndipo inazima thiraki isanatuluke pageti.

"Apa pakufunika ya padesiki, alamu, yopangidwira magemu," anatero Pulofesa. "Chachikulu muyang'ane pulosesa."

Mawa lake anaimba foni. "Alamu, ndaganizanso. Chachikulu ndi ramu."

Kenako anayamba kunditumizira makanema a anthu olankhula mothamanga akuloza timawaya. Nditamuuza ndalama zimene ndinali nazo, anaseka mpaka kutsokomola. Nditamupempha kuti andiperekeze kogula, anati sabata imeneyo watanganidwa.

Ndinapita ndekha. Sitolo yoyamba inali yaikulu, yozizira bwino mkati, makompyuta atandalikidwa pamashelefu, m'mbali mwake muli magalasi, mafani akuzungulira ndi timagetsi tofiira ndi tobiriwira. Nditaona mtengo wa imodzi ndinayesa ndi nambala ya foni.

"Ndi ya mwana, mayi?" anafunsa wogulitsa.

"Ya achimwene anga."

"Amakonda kusewera chiyani?"

"Thiraki."

Ananditengera kwa yotchipa kuposa zonse, imenenso ndalama zanga sizinkafika ngakhale pakati pake.

"Ndi zonse, sikirini ndi kiyibodi?"

"Bokosi lokha, mayi."

"Ndiye munthu aziyang'ana pati?"

Anangomwetulira ngati ndanena nthabwala.

Ndinayenda sitolo ndi sitolo. Kulikonse wogulitsa ankanyoza zimene mnzake wandiuza. Uyu akuti ramu ikhale yambiri, uyo akuti ramu ndi bodza la amalonda. Wina anandilangiza kugula zidutswa n'kulumikiza ndekha, ngati kuti ndi siketi. Ndikafunsa funso langa limodzi lokha, loti kodi thiraki iyenda kapena ayi, onse ankayankha ndi manambala.

Mapazi atatupa, ndinakwera masitepe a nyumba ina yakale n'kupeza kashopu kopapatiza pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa mawigi. Mwini wake anali bambo wonenepa wa tcheni m'khosi, ndipo anandilandira ngati tinakulira limodzi. Anali nalo bokosi la galasi ndi timagetsi, sikirini yaikulu, kiyibodi, mausi, zonse pamodzi pa mtengo wokwana ndendende m'chikwama changa.

"Iyi ndi ndege, anti. Thiraki n'chiyani pamenepa? Aziyendetsa ziwiri nthawi imodzi."

"Mungayese ndione?"

"Intaneti yavuta lero. Koma taonani nokha mmene ikuwalira."

Pamenepo ndinayenera kutuluka. Koma ndinali nditatopa, ndipo ndinkafuna kufika kunyumba nditanyamula kanthu. Ndinalipira.

Pulofesa, amene tsopano nthawi anali nayo, anabwera kudzalumikiza. Kachipinda konse kanawala mitundumitundu. Achimwene anavala magalasi awo, anasendeza njinga kufupi ndi tebulo, n'kuika zala pamabatani amene anawaonetsa. Injini inalira. Ndinaona mapewa awo akuwongoka.

Thiraki itangolowa mumsewu, chithunzi chinayamba kuima, kudumpha, kuimanso. Akadina kuti akhote, inkakhota itadutsa kale pakona. Anagunda mpanda. Anabwerera m'mbuyo, nagunda basi.

"Zimitsa," anatero motsitsa mawu.

"Achimwene, mwina ikufunika izolowere..."

"Zaka zonse zija sindinagundepo ngakhale mbuzi. Mwandigulira zidole kuti muziseka? Zimitsa!"

Anatembenuza njinga kuloza kukhoma. Pulofesa anagwada n'kusuzumira pagalasi la bokosi lija.

"Aaa, umu mulibe khadi ya zithunzi. Imene imakoka magemu ndi imeneyo. Chachikulu ndi khadi, alamu. Si ndinakuuzani?"

"Simunandiuze."

"Zinali m'makanema aja."

Ndinatuluka panja kuti ndisanene mawu amene angadzafune ankhoswe.

M'mawa ndinapakata bokosi lija m'basi kubwerera nalo. Bambo wa tcheni sanandidziwenso ngati anti ake. Analoza chikwangwani chapakhoma chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

"Ikuyaka?"

"Ikuyaka."

"Thiraki yaoneka?"

"Yaoneka, koma siyenda."

"Ndiye mwina vuto ndi dalaivala."

Ndinasiya bokosi pakauntala, ndinapita kunyumba, n'kubwerera ndi diresi la kasitomala lofunika kusokerera mikanda pamanja. Ndinakoka kampando ka makasitomala, ndinakaika pakhomo pa shopuyo, n'kulowetsa ulusi m'singano.

Aliyense wolowa ndinkamupatsa moni mwaulemu. "Mwaswera bwanji, bambo? Mukagula mufunse ngati muli khadi. Ine anandigulitsa timagetsi."

Mayi wa mawigi anaseka mpaka anandibweretsera madzi akumwa. Bambo wa tcheni anaitana mlonda wa nyumbayo. Mlonda anabwera, anandiyang'ana, anayang'ana singano, n'kundifunsa ngati ndimakonzanso zipi ya thalauza.

Dzuwa litapendeka, makasitomala angapo atabwerera pakhomo, bamboyo anagonja.

"Anti, mukundiphera bizinesi. Mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Ndalama zanga."

"Ndaodera kale katundu."

"Ndiye mawa ndibwera ndi makina."

Anapuma mozama, anawerama, n'kukoka bokosi lina pansi pa shelefu. Linali lakuda, lokandikakandika, lophwanyika pakona, looneka kuti linagwirapo ntchito mu ofesi ina zaka zambiri. Anatsegula m'mbali n'kundionetsa chinthu chachitali chokhala ndi kafani kake.

"Khadi ndi imeneyi. Ndi yakale, koma ndi yeniyeni. Mundibwezere sikirini yaikulu ija, ndikupatsani yocheperako, muwonjezerepo pang'ono."

"Kuwonjezeranso?"

"Anti, khadi yokhayi ndi yodula kuposa bokosi lonse lija."

"Ndiye munkadziwa."

Anayang'ana kumbali.

"Sinditenganso chinthu chosayesedwa," ndinatero. "Ndipo woyesa si inu, si ine."

Nditafika kunyumba n'kuwauza kuti akaiyese okha, achimwene anakana. Anati sapita kukachita chionetsero m'tauni, ndipo zamakompyutazo ndizisiye, zawakwana.

"Achimwene, ovaloko yanga ili m'bokosi lija. Ndayenda mpaka mapazi kutupa, ndanamizidwa, ndakhala pakhomo pa munthu tsiku lonse ngati wopemphetsa. Mukwera takisi, kapena ndikuberekani kumsana. Sankhani."

Chibadwire ndinali ndisanawakwezerepo mawu. Anangoti ndiwapatse malaya awo abuluu.

Nyumba ija inalibe chikepe, ndipo njinga sikanakwera masitepe. Bambo wa tcheni anachita kutsitsa tebulo, bokosi ndi sikirini mpaka m'khonde la pansi, thukuta lili kamukamu, n'kukapempha magetsi kwa mayi wa fotokope. Anthu anayamba kuunjikana. Ndinkaopa kuti achimwene achita manyazi, koma iwo sankaona munthu. Maso anali pasikirini.

Fani ya bokosilo inkalira ngati chigayo. Thiraki inatuluka pageti, inakhota pakona bwinobwino, inalowa mumsewu waukulu osadumpha. Achimwene anayang'ana galasi lakumanja, lakumanzere, kenako anafunsa, "Nanga mvula ikamagwa?"

"Mvula ya chiyaninso, bwana?"

"Galimoto imayesedwa pamvula. Igwetse."

Bamboyo anafufuza mpaka anaipeza. Mvula itayamba, chithunzi chinayamba kukoka miyendo pang'ono. Iye anadinadina, n'kunena kuti achepetsa mithunzi ndi kukongola kwa mitengo ya m'mbali mwa msewu.

"Mitengo ndilibe nayo ntchito," anatero achimwene. "Bola msewu ndi magalasi."

Anayendetsa mpaka pamalo otsitsira katundu n'kuyamba kubwerera m'mbuyo ndi ngolo. Koyamba analephera. Kachiwiri analepheranso, natukwana mabatani. Kachitatu ngolo inalowa mowongoka pakati pa mizere, ndipo mlonda uja anaomba m'manja yekha.

"Phokosoli silingachepe?" ndinafunsa.

"Injini imayenera kumveka," anayankha achimwene. "Lipira tizipita."

Ndinawonjezera ndalama za kasitomala zogulira nsalu, ndikudziwa kuti ndidzavutika kuzibweza. Bambo wa tcheni anayesa kutionetsa chiwongolero cha magemu chokhala ndi zopondera zake. Ndinamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo anachibweza m'katoni.

Ndikanakonda kunena kuti mtendere unabwera m'nyumba. Sunabwere. Madandaulo anangosintha mutu. Thiraki yanji yoyendetsa ndi zala? Sikirini yachepa, galasi lakumanzere sakuliona bwino. Wapolisi wa m'gemu wawalipiritsa popanda mlandu. Mayunitsi a magetsi anayamba kutha ngati tatsegula bekale. Kukatentha masana bokosi linkazima lokha, ndipo tinachita kutsegula m'mbali mwake n'kulipatsa fani ya pabalaza, ine n'kumasoka thukuta likugwera pansalu. Amuna anga anati hutala akuimva ngakhale ali kuntchito. Pulofesa anabwera, anayang'ana bokosi, n'kunena kuti akanakhala iye akanasankha lomweli.

Loweruka lina ndili pakati podula nsalu, ndinamva akuitana.

"Chemwali! Tabwera msanga!"

Ndinathamanga ndi sizasi m'manja, ndikuyesa agwa. Ndinawapeza akupukusa dzanja.

"Zala zachita dzanzi, ndipo simenti iyi akuidikira. Khala apa. Batani ili ndi lopitira kutsogolo, awa ndi okhotera. Msewu ndi wowongoka, palibe chovuta."

"Ine sindinayendetsepo ngakhale njinga yamoto."

"Khala pansi."

Ndinakhala. Thiraki inanyamuka, ndipo kwa kanthawi zinkayenda. Kenako kutsogolo kunabwera kona.

"Chepetsa. Chepetsa! Buleki, iwe, buleki! Limenelo ndi la hutala!"

Ngolo inapendekeka pang'onopang'ono n'kugona chammbali pakati pa msewu, magalimoto akuunjikana kumbuyo. Achimwene anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Kona amalowa chonchi? Maso ako anali kuti?"

Ndinaimirira. "Ndili ndi nsalu ya munthu patebulo. Muziyendetsa nokha thiraki yanuyo."

"Wagwetsa simenti ya anthu mumsewu, ukuti aitole ndani? Dalaivala sathawa pangozi. Bwerera apa, tiitane wokoka."

Ndinaima pakhomo, sizasi ili m'manja, ndikupuma mwamphamvu. Iwo anali atasendeza kale njinga kundisiyira malo, akuloza mpando.

"Ulendo uno uziyang'ana kutali, osati pamphuno pa galimoto," anatero. "Ndipo sizasiyo uike pansi, ukundiopsa."