Tsamba la Alamu Latsekedwa

Nthawi inali itangokwana 12 koloko masana, kunja kukuwaza mvula yamawawa. Anzake atatuluka kukadya, womata mabuku anatsala yekha m'chipinda chonunkha guluu. Anapukuta zala pa epuloni n'kutulutsa foni, monga ankachitira masana alionse chimwalirireni mkazi wake.

Kanali kakanema kakafupi. Mayiyo akusita, wailesi ikuimba pawindo, kenako akutembenuka n'kunena kuti, "Inu, tasiyani kujambulako, mudzandigwirire nsaluyi." Mawu ake sanatsale pena paliponse. Mlongo wa malemuyo ndiye anakaika pa tsamba lake la pa intaneti, ati kuti kasadzatayike.

Tsikulo kakanemako sikanatseguke. Foni inangolemba kuti tsambalo latsekedwa chifukwa eni mafilimu adandaula.

Anavula epuloni n'kuyenda mumvulamo mpaka ku kashopu ka mlamu wakeyo, kopanikizika pakati pa wometa ndi wosoka nsapato. Ntchito ya mlamuyo inali yoikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Anamupeza atakhala kuseri kwa kompyuta, sipika ikugunda.

"Alamu, mwanyowatu ngati nkhuku. Ambulera munakapinyolitsa?"

"Tsamba lanu latsekedwa."

"Ndaona m'mawa. Akampaniwo ali ndi makina onunkhiza kuposa galu. Filimu ndangoika dzana, lero andipeza kale. Musadandaule, mawa nditsegula lina. Aka si koyamba."

"Kakanema ka achemwali anu kanali pomwepo."

Mlamuyo anazimitsa sipika. Mvula inayamba kumveka pamalata.

"Munakaika pamodzi ndi mafilimu a eni," anatero womata mabuku.

"Tsamba ndinali nalo limodzi, alamu."

"Koma pa kompyutapo muli nako."

Mlamuyo anafufuza. Panadutsa mafilimu ankhondo, azachikondi, nyimbo zamapemphero, nyimbo zovinira. Anafufuzanso kuyambira pansi kukwera m'mwamba, chala chikuchedwa pa dzina lililonse.

"Malo anatha chaka chatha," anatero motsitsa mawu. "Ndinafufuta pa kompyutapa zonse zimene zinali kale pa tsambapo. Nanga foni yanu yakale ija?"

"Munagulitsa ndinu. Munati ndi yokalamba kuposa mwini wake."

Panalibe amene anaseka. Mayi wina anasuzumira pakhomo, foni ili m'manja, koma ataona nkhope zawo anapitirira.

"Tiwalembere," anatero womata mabuku. "Tiwafotokozere kuti kamodzi kokhako n'kathu. Atibwezere komweko, zinazo asunge."

"Njira ilipo. Koma wolemba ayenera kukhala mwini tsamba. Amafuna dzina lenileni, chiphaso, ndi kumene munthu ukukhala." Mlamuyo anayang'ana mawaya ali bwerekete patebulo. "Ndikatero ndiye kuti ndadzipereka ndekha. Mnzanga wina anamulanda makina onse, mlandu pamwamba. Koma mukanena kuti ndilembe, ndilemba. Anali mlongo wanganso."

Womata mabuku anayang'ana kashopuko. Munali mpando umodzi wa makasitomala wothyoka chotsamira, ndipo pa msomali panapachikidwa kachikwama kasukulu ka mwana wa mlamuyo, zipi ili yomanga ndi ulusi.

"Mukalemba, n'zoona kuti abweza?"

"Kaya. Amene amayankha kumeneko si munthu."

"Musalembe."

"Alamu…"

"Ndati musalembe. Mwana aweruka posachedwa, mumugulire chakudya."

Mlamuyo anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Nyimbo inkaimba pa wailesi ija ndili nayo. Ndikuikireni?"

"Ayi, zikomo."

Anabwerera pang'onopang'ono, akutsata m'mbali mwa mashopu mmene munali mouma. M'njira anayesa kuwamva mawu aja m'mutu. Anamveka ndithu, koma sanadziwe kuti adzamveka choncho mpaka liti.

Ku ntchito anapeza anzake atabwerera kale, akukangana za mpira. Wina anamufunsa ngati wadya, iye anati wadya. Pa tebulo lake panali mulu wa mabuku a sukulu othothoka zikuto, ofunika pofika madzulo. Anakhala pansi, analowetsa ulusi m'singano, n'kutenga buku lapamwamba.