Sangweji Yosita ndi Simbi

A Lindsay Brockhurst anaphikira ometa nkhosa zaka makumi atatu ndi mphambu zisanu, zibambo makumi awiri pamalo amodzi, kasanu pa tsiku, ndipo mwa onsewo palibe anafapo ndi chakudya chawo. Koma tsiku limodzi, limodzi lokha, anasiya poto wa nyemba pamoto n'kupita kuseri kukathirira matimati, basi mlandu unathera pomwepo. Mwana wawo Roslyn anabwera kuchokera ku mzinda wa Wagga ali wefuwefu, anaona denga litada ndi mwaye, n'kugamula kuti munthu wa zaka 79 zosewera ndi moto zamukwana. Mawa lake kunabwera mmisiri kudzadula paipi ya gasi. Sitovu inasanduka poikapo makalata.

M'malo mwake Roslyn anadzaza firiji ndi tizakudya ta m'timabokosi, totenthetsa mu maikulowevu. Pamwamba pa kabokosi amajambulapo nyama ya nkhosa yonona, yochititsa dovu. Ukatsegula umapeza chinthu chotuwa chimene nkhosayo mwina inangodutsa pafupi. A Lindsay anapirira masabata awiri. Sabata yachitatu anatsegula kabati ya malemu akazi awo, a Merle, n'kutulutsa simbi.

Inali simbi yakale ya magetsi, yolemera, ya nthawi imene zinthu zinkapangidwa kuti zidzaone maliro a mwini wake. Ntchito yake inali yosavuta: buledi wopaka batala kunja, tchizi ndi matimati mkati, pepala lophikira pansi ndi pamwamba, kenako kukanikiza mphindi zitatu mbali iyi, zitatu mbali inayo. Kunena zoona sangwejiyo inkakoma, ndipo a Lindsay ankadzimva kuti nzeru zikadalimo.

Loweruka lina m'mawa Roslyn analowa osagogoda, monga amachitira ana onse amene aganiza kuti makolo awo abwerera ku ukhanda. Anaima pakhomo la khitchini makiyi a galimoto ali m'manja.

"Adadi, mukutani?"

"Ndikuvina. Sukuona?"

"Mukusita buledi."

"Eya, anali ndi makwinya."

"Si zoseka izi, adadi! Simbi ya amayi? Nanga malaya mukumasita ndi chiyani?"

"Yomweyi. N'chifukwa chake agalu a m'tauni muno ayamba kundikonda."

Roslyn anakhala pampando n'kugwira chipumi. Kenako anawakumbutsa zimene iwo sankafunika kukumbutsidwa: Lachinayi kukubwera mayi wina wa boma, wa ntchito yoyendera okalamba n'kulemba ngati angathebe kukhala okha. Akalemba kuti ayi, ku Wagga kunali kale chipinda chowadikira m'nyumba yosungirako okalamba, zenera lake loyang'ana poimika magalimoto. A Lindsay anali atachiona kamodzi chipinda chimenecho. Ankachiopa kuposa manda, chifukwa kumanda sakuimbitsa nyimbo Lachitatu masana.

"Mayi ameneyo akadzakupezani mukusita chakudya, mukuganiza kuti adzalemba chiyani?" anafunsa Roslyn.

"Adzalemba kuti nkhalamba iyi ndi yaukhondo."

"Valani nsapato. Tikukagula makina owotchera sangweji."

Makina amenewo a Lindsay ankawadziwa bwino. Nyumba iliyonse m'tauni yawo ya Narrandera ili nawo, pansi pa sinki, kumbuyo kwa mabotolo opanda zivindikiro. Amagulidwa ndi chimwemwe. Masabata atatu banja lonse limadya sangweji m'mawa, masana ndi madzulo, kenako tchizi amapserera m'makona, aliyense n'kumadikira kuti atsuke mnzake, nkhani yatha. Sabata imene khonsolo imatola zinyalala zikuluzikulu umawaona ali mbwee m'mbali mwa msewu, zingwe atadula kale otola waya. A Merle anawakana zaka makumi anayi ndipo a Lindsay ankawaombera m'manja. Likanakhala tsiku lina akanakana mpaka Roslyn kutuluka misozi. Koma tsiku limeneli anangovala nsapato.

Chifukwa chake chinalipo, ndipo ankachidziwa okha. Lachiwiri lapitalo anabwera kuchokera ku kalabu kumene nkhalamba zimagubuduza mipira pakapinga, cha m'ma folo koloko, n'kumva fungo lachilendo asanatsegule n'komwe chitseko. Simbi inali chilili pathabwa, kanyali kake kali psuu, ndipo kansalu kopukutira mbale kamene kanaigunda kanali katafiira, katsala pang'ono kuyaka. Pambale panali sangweji yozizira, yosalumako. Kuiwala kuzimitsa simbi aliyense amaiwala. Chimene chinawaopsa n'chakuti sankakumbuka zoti anaiyatsa, ngakhale zoti anapanga sangweji. Anayesa kulondola m'mawa wa tsikulo, koma pakati pa tiyi ndi kalabu panali pongoyera. Kansaluko anakakwirira pansi pa zinyalala m'bini, osauza munthu.

Ulendo wa ku Wagga ndi wa ola limodzi ndi pang'ono, ndipo Roslyn anaugwiritsa ntchito yonse powaphunzitsa zoyankha Lachinayi. Adziwe tsiku ndi mwezi. Asanene nthabwala. Akawafunsa ngati amagwa, asayankhe kuti amagwa m'chikondi chokha.

"Ndiye ndikhale ngati munthu wakufa kuti aone kuti ndili moyo?" anatero a Lindsay.

"Mukhale ngati munthu wabwinobwino, adadi. Ola limodzi lokha. Mukhoza kuyesa."

M'sitolo ya zamagetsi anawalandira mayi wina wachikulire ndithu, wa magalasi a unyolo, dzina lake Gaynor lolembedwa pachifuwa. Anawatsogolera ku shelefu imene makinawo anandandalikidwa atayasama onse, ngati ana a mbalame.

"Awa ndi aja akale aja, bambo," anatero Gaynor. "Amadula sangweji pakati n'kumata m'mbali."

"Kuti tchizi atsekeredwe mkati azidikira lilime langa? Ndimawadziwa. Mlamu wanga anakhala sabata yathunthu osalankhula. Mwina ubwino wake ndi umenewo."

"Awa ndiye mukhoza kuwotcherapo nyama, mazira, nsomba, ngakhale zitumbuwa."

"Udzu satchetcha?"

"Amenewo akubwera chaka chamawa," anayankha Gaynor osaseka n'komwe. A Lindsay anamupatsa ulemu mumtima.

Roslyn anali atatopa. Ananyamula ena ang'onoang'ono, osalala mkati, otsika mtengo kuposa onse. "Awa akwana. Osavuta kutsuka, batani palibe, mungolumikiza ku magetsi basi. Tiyeni."

A Lindsay anawatembenuza makinawo uku ndi uku, akunamizira kuwerenga zolemba zapansi zimene popanda magalasi sakanaziona. Ndiye anafunsa, maso ali kwina, ngati munthu wofunsa za mvula:

"Alipo odzizimitsa okha?"

"Amodzi okha," anatero Gaynor. Anawerama n'kusolola chimakina chakuda, chachikulu, cha zigwiriro ziwiri. "Mukawasiya mphindi khumi ndi zisanu osawakhudza, amazima. Koma mtengo wake ndi kuwirikiza katatu."

"Amenewo."

Roslyn anaseka. "Inu adadi? Munthu woviika kathumba ka tiyi katatu, n'kukayanikanso?"

"Ndawakonda maonekedwe."

"Akuoneka ngati batire ya thirakitala!"

"Mathirakitala ndimawakonda."

"Pa thebulo lanu lija sakwanapo n'komwe. Adadi, mukufuna kungondivuta eti? Sangweji imapsa mphindi zinayi, inu muli pomwepo. Zodzizimitsa zokha n'zachiyani?"

A Lindsay sanayankhe. Chimenecho ndiye chinawagwiritsa, chifukwa chibadwire Roslyn anali asanaonepo bambo ake akusowa yankho. Kuseka kunamuthera pankhope. Gaynor, amene anali atagulitsa zinthu kwa mabanja ambiri, mwadzidzidzi anaona kuti bokosi likufunika kukatengedwa kuseri.

Analipira okha a Lindsay, ndipo bokosilo anakana kuti Roslyn awanyamulire. Anafika nalo okha pagalimoto. Analowa, n'kuliika pamiyendo. Roslyn analowetsa kiyi koma sanalize galimoto.

"Chinachitika n'chiyani, adadi?"

Bodza linali pafupi, ndipo akanalinena bwino. Ola limodzi Lachinayi akanalikwanitsa: tsiku, mwezi, makina atsopano akuwala pathebulo, mayi wa boma n'kupita wokhutira. Koma nyumba yawo inagundana mpanda ndi ya banja lina la ana atatu aang'ono, ndipo nyumba zonse ziwiri n'zamatabwa. Chiyambire Lachiwiri nkhani imeneyi inali itakhala pachifuwa pawo. Ndiye anamuuza zonse, za simbi, za kansalu, za sangweji yosalumako. Ananena mosakometsera, akuyang'ana trole ya m'sitolo imene munthu wina anaisiya pakati pa msewu.

"Sindikukumbuka, Ros. Si kuti ndinaiwala kuzimitsa. M'mawa wonse uja kulibe."

Miyezi isanu ndi umodzi Roslyn anakhala akusakasaka umboni woti bambo ake sangakhale okha. Anawerenga mapilitsi, ananunkhiza mkaka wa m'firiji, anafunsa anthu oyandikana nawo. Lero umboniwo anachita kumupatsa pamanja, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene wapambana chinthu chimene sakuchifuna. Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, ngati ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Ndiyenera kumuuza mayi wa boma uja," anatero.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndauza iweyo. Ine ndikanamuuza nthabwala."

Dzuwa linali litayamba kutentha m'galimotomo. Roslyn anayang'ana bokosi lija, lalikulu, lotchinga bambo ake mpaka pachibwano.

"Kunyumba ya okalamba kuja salola zamagetsi zophikira m'zipinda," anatero motsitsa mawu. "Tikabweze? Tikadali pompano."

A Lindsay analikumbatira bokosilo ndi manja awiri.

"Liza galimoto, ndipo tiime pogula tchizi. Mpaka Lachinayi khitchini ija ndi yanga."